Tsiku Limene Rozalina Anataya Madzi Yekha

Uthenga unandipeza m'dimba la eni, ndili chowerama, ndikukumba kachewere wa ganyu. Manja ali matope, msana ukulira. Ndinangomva dzina langa likutsika kuchokera kumtunda: NaMbewe, NaMbewe. Nkhondo ino munthu akakuitana akuthamanga sudzutsa mutu msanga. Umayamba wafunsa mtima kuti lero wafa ndani.

Anali a Nangondo, mnzanga wa pamudzi, amene timatchulana komadre. Mayi wamkulu ngati uja kuthamanga, mpango uli m'manja, chitenje chawo cha kapulana atakwinyira m'maondo. Anaima pamzere, wefuwefu, nati:

"Komadre, tayani khasu. Mwana wataya madzi. Yekha, popanda kapaipi."

Abale, alongo, akulu a mpingo, mundikhululukire. Ndikudziwa kuti nkhani ya mkodzo si ya m'nyumba ya Mulungu. Koma ena Mulungu anamuonera paphiri, ena m'maloto, ine ndinamuonera m'basiya, beseni lachitsulo. Ndiye ndinene bwanji?

Zilembo zanga n'zopindika, ndinaziphunzira pansi pa mtengo imvi zitamera kale. Wowerenga aziwongole ndi pakamwa.

Ndinataya khasu ndithu, nyimbo n'kudzibwerera yokha:

Atuluka, atuluka,
madzi a mwana wanga atuluka,
watsegula ndani, watsegula ndani,
si dzina la munthu ayi.

Koma musanavine nane, mumve kumene ndachokera. Chimwemwe changachi chili ndi ndulu pansi pake.

Kwathu ndi ku Chidzolomondo, m'dera la Makanga. Kumeneko ndinali munthu ine. Dothi la amayi anga, nkhokwe zanga, chigafa cha fodya changa. Mkamwini ankabwera kudzalima kwa ine, akandiona panjira n'kupatukira kutchire. Ndinkatcheza kachasu woti amuna ankachoka kutali kumulondola. Anthu a mpingo ndinkawaseka. Ndinkati ndi anthu a njala ya Lamulungu, oimbira denga lopanda kanthu.

Nkhondo inabwera n'kundisenda ngati chinangwa.

Alongo anga a Lufeyo, nkhoswe ya ana anga, anawapha panjira ya kumsika. Mwana wanga wamwamuna Paulinu anamutenga amfuti, mpaka lero. Nkhokwe anazitentha ndikuona. Ndinatsala ndi mwana wanga wamkazi Rozalina yekha, ndi tiana take tiwiri, Zakariya ndi Tereza.

Tinathawira kuno ku Tsangano, kufupi ndi Ntengo-Wambalame, kwawo kwa mwamuna wa Rozalina, Bernadu. Taonani dziko kutembenuka. Ine mpongozi kukhala pamudzi pa mkamwini. Anandipatsa kakhitchini kogona ndi nkhuku. Madzi ndipemphe, nkhuni ndipemphe, mawu pabwalo ndilibe.

Paipi yanga ya kachasu ndiye ndinathawa nayo. Ndinapeza mtsuko, n'kuyambanso kutcheza. Koma tsopano wogula wamkulu ndinali ine mwini. Mmawa ndimwe, masana ndimwe. Mulungu ndinamuuza kuti, Inu khalani kwanu, ine ndikhale kwanga, tisaputane.

Nthawi yokolola chimanga amfuti anapeza anthu m'munda. Anawasenzetsa matumba n'kulowa nawo m'mapiri. Rozalina anali m'gulumo. Analimonso a Jeremiya, amuna awo a Nangondo, bambo wofatsa woweta mbuzi.

Kumene anafika anawatsekera m'chinyumba chakale mmene munkagona nkhumba. Mmenemo munali nkhufi. Achinyamata mwina simuzidziwa: ndi mtundu wa nkhupakupa, zofewa, zobisala m'ming'alu ya khoma ndi ya pansi. Zimakuyamwa uli m'tulo n'kubwerera m'ming'alu, iwe osaziona. Rozalina akuti podzuka thupi lonse linkakhala timadontho.

A Jeremiya sanabwere. Mwendo unatupa, thumba linawakanika, anawasiya panjira. Sindinena zambiri, a Nangondo ali pano.

Rozalina anabwera mwezi utatha, mapazi atang'ambika, maso atalowa. Ine ndinalira, ana ake analira. Bernadu sanamufunse kuti wadya. Anamufunsa kuti ankagona pati, ndipo pafupi pake pankagona ndani.

Kenako malungo. Anabwera, anamugwetsa, anapita. Tinati wachira. Anabweranso, anapitanso, ngati mlendo woiwala chipewa. Ulendo wina anabwera ndi msana. Miyendo inalemera, ankati ili ngati ya munthu wina.

Ndiye madzi anatseka.

Apite kuseri, anjute, palibe. Abwere, agone, adzuke, apitenso, palibe. Pansi pa mchombo panatupa, gwa ngati dzungu. Tinamuthowa ndi nsalu yofunda. Tinamuthirira madzi a m'chikho pafupi ndi khutu kuti thupi likumbukire. Tinamumwetsa mizu, mizuyo n'kungowonjezera katundu. Ankangotuluka timadontho tonyowetsa nsalu, mimba ili chitupire. Mwana wanga ankaluma mphasa.

Amake a Bernadu anaitana amayi akuluakulu a pamudzi. Mwambo wake mukuudziwa, kwathunso ulipo. Mayi akachedwa kubereka amati njira yatsekedwa ndi mwamuna wam'tchire, atchule dzina mwana adutse. Iwo anati madzinso ndi chimodzimodzi. Dzina laima pakhomo, litchulidwe, madzi adutse.

Ine ndinalowa m'nyumbamo. Ndinali nditamwa kuyambira mmawa, koma mutu unali ukuona. Ndinati mwana wanga anamuyendetsa ndi mfuti ngati ng'ombe, wabwera ndi matenda, mukumufunsa chiyani? Ndinati ndimamudziwa ine, ndinamuyamwitsa ine, akakana wakana. Ndinati munyamuleni apite kuposito, kachipatala ka boma. Zonse zimene ndinanena zinali zoona.

Amake a Bernadu anandiyang'ana kuyambira kumapazi, n'kutseka mphuno ndi nsalu.

"Botolo lalankhula, tamva. Tsopano alankhule anthu."

Anaseka. Ananditulutsa ngati galu wolowa pa mtondo. Nkhoswe ndinalibe, mudzi si wanga, pakamwa pakununkha. Tsiku limodzi lokha limene mawu anga anafunika kulemera, anapepuka ngati gaga.

Ndinakhala kuseri kwa khoma ndikumva. Rozalina anakana. Anakana dzuwa lili pamutu, anakana dzuwa litapendeka. Iwo ankangoti, tchula upume, tchula upume, ukudzipha wekha. Ululu ndi mfuti nawonso, abale. Pamapeto ndinamva kamawu kakang'ono kakutchula a Jeremiya.

Pambuyo pake anandiuza kuti, amayi, ndinasankha wakufa poti wakufa samenyedwa.

Anamugwira m'khwapa, anamunjutitsa, anadikira. Zii. Ngakhale dontho.

Mukuganiza kuti anachita manyazi? Anati ndiye kuti alipo ena, atchulenso.

Madzi sanatuluke, koma dzina linatuluka. Linafika kuchitsime, linafika kuchigayo, linafika pa khomo la namfedwa. Bernadu anapinda bulangete lake, anatenga kawayilesi, n'kuwoloka malire kupita ku Malawi. Zakariya ndi Tereza anawasamutsira kwa agogo awo aja, ati angatengere uve. M'nyumba munatsala ine ndi mwana wanga, ndi mimba ija.

Kutacha ndinaona a Nangondo akubwera ndi nsungwi yaitali paphewa, kumbuyo kwawo amayi atatu a mapemphero a Lachinayi. Ndinati basi, abwera kudzamaliza. Ndinatola munsi n'kuima pakhomo.

"Ikani munsiwo pansi, a NaMbewe, mungadzigwetse nawo."

Ndinafunsa chimene adzera.

"Ndamva kuti ndili ndi mkazi mnzanga m'nyumbamu. Ndabwera kudzamutenga."

Ndinati ndi bodza, anachita kumufinya. Nkhope yawo inali yotupa ndi kulira, sanamwetulire ayi.

"Kaya bodza kaya zoona, ine kunalibeko. Adzaweruza amene analiko. Koma mimba iyo siidikira mlandu. Patukani."

Anamanga bulangete pansungwi, anamugoneka Rozalina. Amuna a pamudzi anaima patali manja ali kumbuyo. Palibe amene anafuna kusenza tchimo la eni. Ine ndinati ndigwire kutsogolo, mwana ndi wanga. Ndinayenda pang'ono n'kuyamba kudzandira, kachasu wa dzulo. Anandilanda nsungwi. Mwana wanga anasenzedwa ndi mayi amene mwanayo anamuipitsira maliro a mwamuna, ine make ndikutsata pambuyo ndi chikho.

Njira ya kuposito ndi yokwera. A Nangondo anali kutsogolo. Ndinkaona mapewa awo akugwedera. Ankalira a Jeremiya awo, amene ngakhale manda sakudziwika, amene dzina lawo lokha ndilo linatsala, nalonso laviikidwa m'matope. Ankalira, koma nsungwi sanaitule.

Paposito panalibe dotolo. Panali namwino mmodzi wotumizidwa ndi boma kuchokera kumunsi ku Tete, a Dona Luiza, Chichewa chawo chopendekera ku Chinyungwe. Anagwira mimba, anatiyang'ana. Anawiritsa kapaipi kampira, analowetsa, anaika basiya pansi.

Ine ndakhala moyo wanga wonse ndikudikira madontho kukamwa kwa paipi. Koma phokoso lokoma ngati la tsiku limenelo sindinalimvepo. Basiya linadzaza. Rozalina anapuma mpweya wautali n'kugona tulo pomwepo.

A Dona Luiza anaona zipsera za m'miyendo ndi kumsana. Anafunsa za malungo opita n'kubwera. Anafunsa kumene ankagona. Atamva za nyumba ya nkhumba anagwedeza mutu, nati ndi nkhufi. Anati matenda a nkhufi nthawi zina amakwera kumsana, n'kugoneka mitsempha imene imauza chikhodzodzo kuti tsegula.

A Nangondo anafunsa ngati si nkhani ya mwamuna.

"Mwamuna wanji, mama, wokhala m'ming'alu ya khoma? Matenda awa sabwera ndi mwamuna."

A Nangondo anakhala pansi pa dothi, miyendo tambalale, ngati mwana. Rozalina atadzuka anawagwira phazi, anawauza zonse, ndi mmene a Jeremiya ankamugawira chimanga chokazinga panjira, akumutcha mwana wanga. Awiriwo analira mpaka odwala ena anadandaula.

Koma a Dona Luiza sanatinamize. Anati pikada, jakisoni amene, apereka, malungo atha, koma za madzi sangalonjeze. Ena amatseguka, ena amatsala choncho. Kapaipi kalipo kamodzi. Ndipo iwo auzidwa kuti mvula ikayamba posito itsekedwa, achoka ndi magalimoto a asilikali. Akachoka iwo, kapaipi kachoka. Kapaipi kakachoka madzi asanatseguke, mwana wanga afa ndi madzi ake omwe.

Ndiye tinayamba kuyang'ana zinthu ziwiri, mitambo ndi basiya.

Malungo anatha. Miyendo inayamba kubwera, chala lero, bondo mawa. Madzi ayi. A Dona Luiza achotse kapaipi, tidikire, mimba itupe, abwezeretse. Achotse, tidikire, abwezeretse. Mitengo inaphuka masamba ofiira. Kutentha kunakula. Mitambo inayamba kusonkhana cha ku Makanga, kwathu.

Amayi a Lachinayi ankasinthana kumusamala. Ine ndinkagwira ganyu m'madimba kuti tipeze chodya. A Nangondo ndiye sankaphonya. Kuchapa nsalu zonunkha zija, iwo. Kutaya basiya, iwo.

Tsiku lina tikuchapa kumtsinje ndinawafunsa. Ndinati mmawa uja munabwera ndi nsungwi musanadziwe za nkhufi, munali mukuganiza kuti mwina ndi zoona. Chinakudzutsani n'chiyani? Anapitiriza kufinya nsalu.

"Ndinaona kuti ndikakhala pansi ndimuda mwana wanu mpaka kufa. Ndiye sindinakhale pansi. Komanso amene anandinyamula ine, komadre, sanayambe wandifunsa mayina."

Mawu amenewo anandilowa ngati munga wa m'phazi. Uyende ukuumva, uime ukuumva.

Ndinapita kuseri kwa posito, m'mapesi, dzuwa lili phwee. Kupemphera sindinkadziwa, ndiye ndinakangana ndi Mulungu. Ndinati Paulinu ali kuti? Ndinati a Lufeyo analakwa chiyani? Ndinati nkhufi munazilengeranji, nkhondo yokha inachepa? Sanandiyankhe ngakhale chimodzi. Mpaka lero sanandiyankhe. Koma nditatopa, mawu atatha, ndinamva kuti sananditulutse. Aliyense ankanditulutsa, kunyumba, pabwalo, pansungwi. Iye anandisiya ndimalize, pakamwa ponunkha pomwepo. Ndinati, ngati mumanyamula osafunsa, ndinyamuleni, miyendo yanga mwaiona.

Ndinapita kumudzi, ndinaswa mtsuko, paipi ndinaiponya m'chimbudzi.

Musaganize kuti ndinagula madzi a Rozalina ndi mtsuko. Ayi. Mtsuko unasweka, madzi anakhalabe chitsekere. Thupi langa linandilanga, manja kunjenjemera, thukuta, kusanza. A Nangondo anasamala odwala awiri. Mvula yoyamba inawaza, fungo la dothi linakwera, ndipo a Dona Luiza anayamba kumanga mabokosi. Ndinati kwa Yesu, mukamutenga mumutenge, koma ine sindibwereranso kukakhitchini kaja ndekha, mupite nane.

Mpamene uthenga unandipeza m'dimba.

Ndinathamanga, ine nkhalamba, matope mpaka m'zigongono. Ndinapeza Rozalina wakhala pakhonde, waphimba nkhope ndi manja, akuseka, akulira. Akuti anangomva thupi likumuitana monga kale, anakwawira kuseri ndi basiya, ndipo zinatheka. A Dona Luiza anali atanyamula basiyalo ngati mbale ya chopereka. Anadikira aone mawa lake, ndi mkuja wake. Madzi ankabwera. Magalimoto atafika anakwera, kapaipi kali m'bokosi, mwana wanga ali moyo.

Iye amene anatulutsa madzi m'thanthwe, watulutsa m'mwana wanga. Alemekezeke. Alemekezeke m'basiya, alemekezeke m'mapesi, alemekezeke pansungwi.

Tsopano ndulu ija.

Tinatuma mawu kwa Bernadu kuti zinali nkhufi. Anayankha kuti makutu ake anamva zimene anamva. Akuti ali ndi mkazi wina kumeneko. Amake mpaka lero amati madzi anachedwa chifukwa mayina ena anawabisa. Kuchitsime alipo amene amatsitsa mawu Rozalina akafika. Mwendo wake wamanzere amaukokabe. Paulinu sanabwere. Mfuti zikulirabe kumapiri, ndipo m'nyumba ija ya nkhumba mwina lero mwagona mwana wa wina.

Sindikunamizani kuti ndakhululuka zonse. Ndikaona amake a Bernadu lilime limayabwa. Ndimaliluma, ndimaimba. Ambuye akundisendabe, sanamalize. Koma pakamwa panga sipanunkhanso, ndipo tsiku lina bodza likadzaimanso pa mwana wa munthu, ndidzalankhula, ndipo sadzati botolo.

Amayi anzanga, inu a mipando ya kumanzere, ndimvereni. Mnzanu akatsekeka madzi musamufunse mayina. Ululu umatchula aliyense, ngakhale wakufa. Funani nsungwi. Zirani ming'alu ya m'nyumba, koma koposa zirani pakamwa.

Inu amene mukumwa kuti muiwale, ndikukudziwani, ndinali mkulu wanu. Simuiwala. Mumangotaya mawu anu, tsiku lowafuna osawapeza.

Bwerani kwa Yesu. Safunsa kuti unagona pati, pafupi pako panagona ndani. Amaona kuti watupa, amawerama, amasenza. Bwerani ndi mkwiyo wanu womwewo, ine ndinabwera nawo.

Tsiku limene tinabwera naye Rozalina kumudzi, akuyenda ndi ndodo, kunalibe mbuzi, kunalibe thobwa. Kunali kachewere wowiritsa ndi mchere. Koma anthu anabwera, ndipo ndiwatchula. Awa ndiwo mayina oyenera kutchulidwa.

Anabwera a Nasitaziya, amene anagwira nsungwi kumbuyo.

Anabwera a Marita a kutsidya, amene anagwira nsungwi pachitunda.

Anabwera a Nankhoma ndi nthungululu yawo yosasa.

Anabwera a Dumingu akhungu, atagwira phewa la akazi awo a Joakina.

Anabwera aphunzitsi a Simau, amene sikola yawo inapsa, n'kuvina ndi nsapato imodzi yong'ambika.

Anabwera a Fulorinda, mlongo wake wa Bernadu, mozemba, atadzera kumunda.

Kumbuyo kwawo, atagwira nsalu yawo, anabwera Zakariya. Anabwera Tereza, mdzukulu wanga, n'kukwera pamiyendo pa amake.

Anabwera Rozalina, mwana wanga, wotseguka.

Ndinabwera ine NaMbewe wa ku Chidzolomondo, ndi maso oyera.

Ndipo anabwera a Nangondo, phewa lili ndi chipsera cha nsungwi. A Nangondo, akazi awo a Jeremiya. Mkazi mmodzi yekha wa a Jeremiya.